Foni ya Lamlungu Masana

Lamlungu lililonse ikamakwana 3 koloko masana, Vailet Miti ankasiya chilichonse chomwe ankachita n'kukhala pakhonde la nyumba yawo ya lendi ku Kalongwezi, mumzinda wa Chipata, foni ili pamiyendo. Aneba anali atazolowera. Ngakhale mayi wogulitsa tomato pageti ankadziwa kuti imeneyo si nthawi yomupatsa moni wautali.

Mwamuna wake, Lefutenanti Bwezani Sakala, anali atatha milungu isanu ndi umodzi kutchire, pa kosi ya maofesala ophunzira kuwombera mosaphonya. Mafoni ankawalanda, n'kuwabwezera Lamlungu kwa mphindi makumi awiri chabe. Banja lawo linali lisanakwanitse n'komwe miyezi isanu, ndipo tsopano linkakhalira mphindi zimenezo.

Milungu yoyambirira Bwezani ankalankhula osapumira. Ankafotokoza mmene amagonera chafufumimba pafumbi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, zigongono zitanyuka, phewa lakumanja litatupa chifukwa mfuti ikalira imakankha. Ankanena kuti chandamale chimakhala patali moti chimaoneka ngati batani la malaya. Anamuphunzitsanso kapumidwe kake: kukoka mpweya, kutulutsa theka, kuima, kenako chala. Vailet ankamuseka, koma tsiku lina anadzipeza akuchita zomwezo polowetsa ulusi pasingano, ndipo ulusiwo unalowa kamodzi.

Lamlungu limeneli foni inalira 3 koloko itapitirira pang'ono.

"Vai, uli bwanji? Kweza mawu, netiweki ikuvuta kuno."

Vailet anayang'ana foni yake. Kumbali yake mawu ankamveka bwinobwino.

"Ndili bwino. Mvetsera, Bwezani, nthawi ndi yochepa. Adadi andiimbira. Akuti akubwera Loweruka kudzanditenga, ndibwerere ku Tamanda. Akuti popeza iwe kulibe, palibe chomwe ndikudikira kuno."

"Zili bwino," anatero Bwezani. "Zili bwino kwambiri. Ine kuno ndakhala wachitatu sabata ino. Mwa zipolopolo khumi, zisanu ndi zitatu pakati penipeni."

"Wamva zomwe ndanena?"

"Eya, eya. Uwapatse moni."

Vailet anaimirira. Aphunzitsi a Miti, bambo ake, anali munthu amene anabweza ankhoswe a kwa Sakala kawiri konse osawapatsa ngakhale mpando. Ankati mwana wa mkulu wa mpingo wa ku Tamanda sangakwatiwe ndi Mkatolika wa ku Madzimoyo, mwana wa olima thonje, wodya za mfuti. N'chifukwa chake awiriwa anakakwatirana kukhonsolo, mboni ziwiri basi, popanda nthungululu. Ndiye lero munthu yemweyo akuti awapatse moni?

"Ndiye mukuti ndipite, a Lefutenanti?" anafunsa, mawu atazizira.

Bwezani asanayankhe, kumbuyo kwake kunamveka mawu a mkazi, pafupi kwambiri ndi foni.

"Sakala, nthawi yatha. Tiye."

"Vai, andiitana. Ndimakukonda, wamva?"

Foni inaduka. Zinali zitangotha mphindi zinayi.

*

Lachitatu Vailet anapita ku msika wa Kapata kukagula tinsomba ta kapenta. Ali mkati mosankha, wina anamugwira pamkono. Anali Jesca, msuweni wake, mwana wa azakhali ake. Jesca anali wa nkhope yansangala, koma nkhani zoipa ankazinyamula mosamala ngati mazira, kuti zikafike zonse.

"Asisi, mwasowa. Alamu ali bwanji kunkhondo kwawoko?"

"Si nkhondo, ndi sukulu. Ali bwino."

"Ndaona kuti ali bwinodi." Jesca anatulutsa foni m'chikwama. "Ine sindifuna kukupwetekani mtima, koma kuli bwino muone kwa ine kusiyana n'kuti mumve kwa anthu."

Chinali chithunzi cha pa Fesibuku. Asilikali awiri atagona chafufumimba moyandikana, mfuti yaitali ili patsogolo pawo. Mmodzi anali Bwezani, tsaya litakhudza mfuti, diso limodzi lotsinzina. Winayo anali mkazi wochepa thupi, wometa tsitsi, ndipo dzanja lake linali pamsana pa Bwezani. Pansi pake panalembedwa kuti: Ine ndi mnzanga sitiphonya. Dzina la mwini tsambalo linali Fortunate Jere.

Vailet anachiyang'ana nthawi yaitali. Anazindikira kuti mawu amene anamva Lamlungu aja tsopano ali ndi nkhope.

"Amagona awiriawiri," anatero, akubweza foniyo. "Wina amawombera, wina amayang'ana komwe chipolopolo chagwera. Anandiuza kale."

"Za dzanjalo anakuuzaninso?"

"Jesca, kapenta wakwera mtengo. Ngati wabwera kudzagula, gula."

Anatenga kathumba kake n'kuyenda ali chiwongokere mpaka panja pa msika. Anakwera njinga ya kabaza, ndipo atakhala kumbuyo, pomwe panalibe womuona kumaso, m'pamene anaweramitsa mutu. Zoona zake zinali zoti Bwezani anamuuzadi za kugona awiriawiri, koma sananenepo kuti mnzakeyo ndi mkazi.

Atafika kunyumba analemba uthenga wautali, naufufuta. Analemba wina wa mawu atatu, naufufutanso. Pomaliza anatumiza uwu, akudziwa kuti ukawerengedwa Lamlungu:

"Bwezani, Fortunate Jere ndi ndani? Ndakufunsa kamodzi, sindidzafunsanso. Ine ndinasiya kwathu chifukwa cha iwe, ndipo sindichoka m'nyumba muno chifukwa cha chithunzi. Ukafuna ndichoke, udzandiuze wekha ndi pakamwa pako, uli chiimire pakhomo pano."

*

Loweruka m'mawa, Vailet akuyanika zovala, galimoto yoyera inaima pageti. Anatsika aphunzitsi a Miti, atavala jekete lawo lakuda la ku msonkhano wa akulu a mpingo. Woyendetsa anali Edmond Tembo, kalaliki wa ku boma, mwana wa mnzawo wa a Miti. Edmond anali atafunsira Vailet katatu m'zaka zinayi, ndipo kukanidwa konse ankakulandira ndi kumwetulira komweko.

Vailet anagwada kuwalonjera bambo ake, nawatulutsira mpando. Iwo sanakhale.

"Katundu wako ali kuti?"

"Ali m'malo mwake, adadi."

"Ndinakuuza kuti ukonzeke."

"Munandiuza. Koma sindinavomere."

A Miti anayang'ana nyumbayo kuyambira padenga mpaka pansi, ngati mmene ankayang'anira kope la mwana wosalemba bwino. Pachingwe panali malaya awiri a Bwezani, omwe Vailet ankawachapa sabata iliyonse ngakhale mwini wake kunalibe, kuti asanunkhe chinyezi.

"Jesca wandionetsa chithunzi," anatero. "Tamanda yense wachiona. Ine ndimaima kutsogolo kwa anthu kuwalangiza za mabanja, mwana wanga ali m'nyumba ya lendi kudikira munthu amene akugona m'fumbi ndi mkazi wina. Ukufuna ndiziyenda nkhope ili kuti?"

"Ali pa ntchito, adadi."

"Ntchito yake yotani? Ndiuze, iwe unapita kusukulu. Munthu amene akudzuka m'mawa uliwonse kuphunzira kuti chipolopolo chake chisaphonye, akuphunzira chiyani? Chandamale chija n'chapepala lero. Mawa ndi mwana wa munthu." Mawu awo anatsika. "Ndaphunzitsa zaka makumi atatu. Ndaona ana a asilikali akubwera m'kalasi atameta mpala. Ndaona amayi awo. Sindinakulere ndekha, mayi ako atapita, kuti udzavale zakuda usanakwane zaka makumi atatu."

Akanakhala kuti bambo ake angokalipa, zikanamupepukira Vailet. Koma anali akunena zomwe iye mwini ankaopa akamva ndege ikudutsa, kapena foni ikachedwa kulira.

"Adadi," anatero ali chigwadire, "zimene mukunenazo ndimazidziwa. Ndimaganiza zomwezo tsiku lililonse. Koma ndinazidziwa ndisanalowe m'khonsolo muja, ndipo ndinalowabe. Munandiphunzitsa ndinu kuti munthu akalonjeza pamaso pa mboni asabwerere m'mbuyo chifukwa zinthu zavuta."

"Umenewo si ukwati. Ukwati umadalitsidwa m'tchalitchi."

"Tinakupemphani kuti mutidalitse. Munatseka chitseko."

"Ukundiyankha?"

"Ndikukuuzani zomwe zinachitika."

A Miti anatembenukira kugalimoto. "Ndikupatsa mphindi khumi. Ndikhala mmenemo. Ukapanda kutuluka, usadzaponde pakhomo panga."

Anakalowa n'kumenyetsa chitseko. Edmond anatsala ataima pafupi ndi chingwe cha zovala, makiyi akuwazunguza pachala.

"Vailet, ine sindinabwere kudzakangana. Adadi anangondipempha galimoto."

"Mwachita bwino kuwathandiza."

"Koma kunena zoona, munthu ngati iwe sufunika kukhala chonchi. Kudikira foni ngati wodwala akudikira dokotala. Ine ndimaweruka 5 koloko, hafu pasiti faifi ndili pakhomo. Zakale ndingaiwale. Sindine munthu wosunga zinthu."

Vailet anaimirira, nasasa fumbi m'mawondo. Anatola malaya ena a Bwezani m'beseni, nawakung'untha mwamphamvu moti madzi anawaza nsapato za Edmond.

"A Tembo, mwandifunsa katatu ndili mbeta, ndinakana. Manje mukundifunsa ndili mkazi wa mwini, m'bwalo la mwini wakeyo. Mukuganiza kuti yankho lafewa?"

"Mwini wakeyo ali ndi wina."

"Ngati ali naye, ndi nkhani ya ine ndi iye. Inu mulibemo."

Mphindi khumi zija Vailet anazithera pa chingwe, akuyanika chovala chimodzichimodzi, msana atalozetsa kugeti. Anamva injini ikulira. Anamva galimoto ikubwerera m'mbuyo, n'kuima kanthawi ngati wina akuyembekeza kuti acheuka. Sanacheuke. Phokoso litazimiririka, anakhala pansi pomwepo pafupi ndi beseni, nalira mosatulutsa mawu kuti aneba asamve.

*

Lamlungu anapita kutchalitchi, nabwerako osakumbuka zomwe zinalalikidwa. Isanakwane 3 koloko anali kale pakhonde.

Foni sinalire. Inakwana hafu pasiti, kenako 4 koloko. Uthenga wake wa Lachitatu unali usanawerengedwe. Anayesa kuimba, nauzidwa kuti nambalayo siikupezeka. Anayamba kudzifunsa ngati dzulo anataya bambo ake chifukwa cha munthu amene analibe n'komwe mphindi makumi awiri zomupatsa.

Ali m'maganizo amenewo, pageti panaima mkazi wovala yunifolomu, chipewa chili m'manja. Anali wochepa thupi, wometa tsitsi. Vailet sanafunikire kuuzidwa dzina.

"Odi. Ndikufuna a Vailet."

"Ndine. Ndinu a Jere."

Mkaziyo anadabwa pang'ono. "Mukundidziwa?"

"Chipata yense akukudziwani. Simuphonya."

Fortunate anaweramitsa mutu. "Chithunzi chija ndachichotsa. Ndingakhale pansi? Ndachokera kutali, ndipo chilolezo changa chitha 6 koloko."

Vailet anamulozera mpando womwe bambo ake anaukana dzulo lake, iye nakhala pa sitepe, manja atapinda.

"Bwezani ali kuti?"

"Ali moyo, sanavulale. Ndiyambe ndi zimenezo. Koma amutsekera kukampu, ndipo foni amulanda."

"Walakwa chiyani?"

"Makutu ake, mayi. Sabata yachitatu chotsekera m'khutu chinagwa ali mkati mowombera, ndipo sanaime kuti achitole chifukwa nthawi inkawerengedwa. Kuyambira tsiku limenelo khutu lakumanzere silimva, lakumanja limangolira. Akanapita kwa dokotala akanamuchotsa pa kosi, ndiye anabisa. Ine ndinazindikira chifukwa ndimagona pambali pake. Mphunzitsi akalamula kuti tiyambe, ndinkamugunda pamsana kamodzi. Akalamula kuti tileke, kawiri."

Vailet anamasula manja pang'onopang'ono. Dzanja la pachithunzi lija. Netiweki yovuta ija.

"Ndiye pafoni..."

"Pafoni samva chilichonse. Amangoyerekeza. Amati akangonena kuti zili bwino, nthawi zambiri zimagwirizana."

Vailet anaseka kamodzi, kuseka kosafuna, misozi ili m'maso. Sabata yathunthu anali atanyamula mawu awiri amenewo ngati mwala pachifuwa, pomwe munthuyo sanamve n'komwe kuti apongozi ake akubwera.

"Chitsiru," ananong'ona. "Chitsiru changa. Ndiye amugwira bwanji?"

"Lachisanu anatisinthanitsa. Ine anandiika mzere wina. Mphunzitsi analamula kuti tileke, aliyense analeka, iye anawomberanso kamodzi. Kutsogolo kunalibe munthu, Mulungu anathandiza, koma anthu anali atatsala pang'ono kunyamuka kukaona zandamale. Kwathu kulibe mlandu woposa umenewo pabwalo lowombera. Lachiwiri akaonekera kwa akuluakulu."

"Ndipita," anatero Vailet, akuimirira. "Ndikawauza kuti ndi wodwala, si wosamvera. Mkazi wake amulola kumuona."

Fortunate sanasunthe. Ankazunguza chipewa chake m'manja, maso ali pansi.

"N'chifukwa chake ndabwera ndekha, osatuma munthu. Pomwe ankamutenga anandinong'oneza kuti, pita ku Kalongwezi, nyumba ya geti lobiriwira, ukauze mkazi wanga Vailet. Ine ndinaganiza kuti sindinamve bwino. Ndinapita ku ofesi kukapempha kuti akudziwitseni mwa dongosolo. Anatsegula fayilo yake ine ndili pomwepo." Anakweza maso. "Palembedwa kuti ndi wosakwatira. Wodziwitsidwa pakagwa vuto ndi amayi ake a ku Madzimoyo. Dzina lanu mulibe paliponse."

"Fayiloyo ndi yakale. Takwatirana chaka chino."

"Fomu yofunsira kosiyi anailemba miyezi itatu yapitayo, ndi dzanja lake."

Kunja kwa geti mayi wa tomato ankaitanira malonda. Vailet ankamumva ngati ali kuseri kwa phiri.

"Milungu yonseyi mwagona pambali pake," anatero. "Sananditchulepo?"

"Ankati Lamlungu amaimbira kunyumba. Ine ndinkayesa mlongo wake." Fortunate anaika chipewa pamiyendo. "Sindikubisirani, mayi. Chithunzi chija sindinachiike mwangozi. Ndinkaganiza kuti ndi munthu womasuka, ndipo ndinali ndi maganizo anga. Iye sanandilonjezepo kanthu, sanandigwirepo ngakhale dzanja. Koma sanandiuzenso kuti ndisayembekeze."

Vailet anamuyang'ana mkaziyo kumaso. Ankafuna kumuda, koma munthu amene wakwera basi ulendo wonsewo kudzanena zomuchititsa manyazi yekha anali wovuta kumuda.

Analowa m'nyumba. Anakoka sutukesi pansi pa bedi, natulutsa envulopu ya khaki momwe munali satifiketi yawo ya ukwati. Anavala nsapato, namanga chitenje m'chiuno, natuluka envulopuyo ili m'manja.

"Basi yobwerera inyamuka nthawi yanji?"

Fortunate anayang'ana envulopuyo n'kuimirira msanga.

"Mayi, dikirani. Ganizani kaye. Pakali pano ali ndi mlandu umodzi, ndipo dokotala akachitira umboni za makutu, mwina amuchitira chifundo. Koma mukakaonetsa pepala limenelo pageti, ndiye kuti mwawauza kuti ofesala wawo analemba bodza pa fomu. Milandu ikhala iwiri. Wachiwiriwo ungamuvule yunifolomu."

"Ndikapanda kulionetsa?"

"Sakulowetsani. Kwa iwo ndinu munthu wapamsewu."

Vailet anaima pakhonde, envulopu ili m'dzanja limodzi, kiyi m'dzanja lina. Ku Tamanda chitseko chinali chitatsekedwa dzulo. Kukampu, dzina lake kunalibe. Munthu yekhayo amene akanamuuza chifukwa chake anali m'chipinda chokhoma, ndipo ngakhale atamufunsa mokuwa, mwina sakanamva.

Anakhoma chitseko, naika envulopuyo m'chikwama.

"Tiyeni," anatero.

"Mukalionetsa?"

"Zimenezo ndikaona ndikafika pageti. Koma Lachiwiri lisanafike, munthu ameneyo andiyang'ana kumaso. Ngati makutu sakumva, ndimulembera funsolo papepala. Kulemba amatha, mwaona nokha."